Funsani Aphungu: "Ndikudwala m'thupi, iwo akuti ndikacheze?"

Makalata a mwezi uno achulukira nkhani imodzi, ya nkhawa. Ambiri akufunsa za chithandizo chimene madokotala akuchitchulatchula masiku ano, Cognitive Behavioural Therapy, chomwe ife pantchito timangoti CBT. Ndi uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zimene zikukulitsa vuto lake. Ndasankhapo asanu. Monga mwa nthawi zonse, mayina ndachotsa ndipo makalata aatali ndawadula.

Aphungu,
Ndine mayi wa zaka 34. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito, ndili m'basi yodzaza, mtima unangoyamba kugunda mwamphamvu, mpweya kundichepera, zala kuchita dzanzi, thukuta kamukamu. Ndinkaona kuti kwanga kwatha, moti ndinatsikira panjira. Kuchipatala anandipima mtima, magazi ndi shuga, n'kuti palibe vuto. Koma zabweranso kambirimbiri. Panopa basi sindikwera, kodzaza anthu sindipitako, ndipo ndikati ndituluke ndimatenga mng'ono wanga ndi botolo la madzi. Adokotala akuti ndi nkhawa, ndikaonane ndi phungu wa CBT. Zandiwawa. Ine ndikudwala m'thupi, iwo akuti ndikacheze?
Mayi wotopa ndi zipatala

Mayi, simukunama, ndipo sindikuganiza kuti adokotalawo anakupeputsani. Mtima umagundadi, dzanzi limabweradi. Munachitanso bwino kukapimitsa, chifukwa alipo matenda a m'thupi amene amaoneka chimodzimodzi: chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso, magazi akachepa, kapena kagundidwe ka mtima kakasokonekera. Ngakhale khofi wambiri amatha kuyambitsa zofanana nazo. Koma ngati zonsezo anaziona n'kupeza kuti zili bwino, zimene mwalongosolazi ndi mantha adzidzidzi amene timakumana nawo kawirikawiri, ndipo ndi limodzi mwa mavuto amene CBT imawatha bwino kwambiri.

Ubongo ukaganiza kuti pali ngozi, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umathamanga kuti magazi afike msanga kuminofu, kupuma kumafulumira, thukuta limatuluka. Zonsezi zimakonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana. Tsono inu mukamapuma mofulumira chonchi muli chikhalire pampando, mumataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa umene thupi likupanga, ndipo n'zimene zimabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Munthu amamva ngati mpweya ukumuchepera pamene akupuma wopitirira. Thupi lanu lili ngati galu wolondera amene wayamba kuuwa ngakhale tsamba likagwa. Simungamuphe, chifukwa tsiku lina wakuba adzabweradi. Akungofunika kuphunzitsidwanso.

Mu 1986 katswiri wa zamaganizo wa ku England, David Clark, analongosola mmene mantha amenewa amadzikulitsira okha. Mtima wagunda pang'ono, mwina chifukwa cha kutentha kapena kuthamangira basi. Maganizo n'kuti, "Uwu ndi mtima, ndikufa." Ganizo lotero limaopsa, ndiye adrenaline amawonjezeka, mtima n'kugunda koposa, inu n'kuti, "Si izi, ndimanena ine." Kawirikawiri zimafika pachimake mkati mwa mphindi 10, kenako zimayamba kutsika zokha, kaya mwatsika basi kaya simunatsike. Koma poti inu munatsika, ubongo wanu unasunga zoti munapulumuka chifukwa chotsika. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuthawa kumakupumitsani lero, koma mawa mantha amabwera atanenepa.

Tsono kucheza kumene mukukukayikirako ndikuuzeni mmene kumakhalira m'chipinda changa. Masiku oyamba timajambula papepala zonse za tsiku la m'basi lija: munayamba kumva chiyani, munaganiza chiyani, munachita chiyani. Kenako ndimafunsa kuti, "Zoti dzanzi limeneli ndi chizindikiro cha imfa mukuzikhulupirira bwanji? Pa 100 mupereka zingati?" Munthu amatchula nambala yaikulu ndithu. Ndiye ndimati, "Tiyeni tiliitane dala." Timaimirira tonse awiri n'kumapuma mofulumira komanso mwakuya kwa mphindi imodzi. Inenso ndimachita nawo, ndipo chizungulire sichindisiya poti ndine phungu. Dzanzi limabwera, mutu umapepuka, munthu amagwirira tebulo, maso ali tong'o. Timakhala pansi n'kudikira osachita kalikonse, osamwa madzi, osatsegula zenera. Posakhalitsa zonse zimazirala. Pamenepo funso langa limakhala limodzi: "Ngati mungathe kulibweretsa nokha ndi kupuma chabe, n'kuchokanso lokha, dzanzi limeneli ndi la imfa?" Sindimuyankhira munthu. Ndimadikira, ngakhale patakhala zii kwa kanthawi. Tsiku lina timakwera masitepe mothamanga kuti mtima ugunde, n'kuumvetsera ukubwerera mwakale. Zimenezi timachita pokhapokha dokotala atatsimikiza kuti mtima ndi mapapo zili bwino. Mayi woyembekezera, munthu wa mphumu kapena wa khunyu asayese payekha.

Tikatero timalemba zinthu zimene mukuziopa, kuyambira chopepuka mpaka cholemetsa. Kukaima pokwerera basi osakwera. Kukwera ya anthu ochepa kamtunda kakafupi. Kukwera yodzaza, n'kukhala pakatikati, kutali ndi chitseko. Musananyamuke mumalemba chimene mukuganiza kuti chichitika, mukabwerako mumalemba chimene chachitikadi, ndipo chilichonse mumachibwereza mpaka chitayamba kukutopetsani m'malo mokuopsani. Njira yoyandikira zoopsa pang'onopang'onoyi si yachilendo. Joseph Wolpe, dokotala wa ku Johannesburg, ankaigwiritsa ntchito kale m'zaka za m'ma 1950.

Izi simuzikonda, koma ndinene: mng'ono wanu ndi botolo lija nawonso adzayenera kutsala kunyumba. Osati tsiku loyamba, koma adzatsala. Madzi alibe mlandu. Vuto n'lakuti mukafika bwino mumathokoza botolo, ndipo simudziwa kuti mukanafika bwino ngakhale popanda ilo.

Bungwe la NICE, lomwe limapereka malangizo a zachipatala ku England, limati mantha oterewa amafuna maola 7 mpaka 14 a CBT onse pamodzi, kawirikawiri kamodzi pa sabata. Ola limodzi pa sabata ndi lochepa, choncho ntchito yaikulu mudzaigwira inu, masiku amene phungu palibe. Pitani mukamuone, ndipo mukamufunse tsiku loyamba lomwelo ngati mudzafika pa zoyeserera ngati zimenezi.

Aphungu,
Ndine bambo wa zaka 47, wa ana anayi. Ntchito yanga ndi ya kontirakiti ndipo ikutha chaka chino. Ndili ndi ngongole ziwiri. Usiku tulo sitibwera, ndimangotembenuka n'kumawerengetsa mpaka kucha. Ndayamba kumwako pang'ono kuti ndigone. Mnzanga akuti ndiyese CBT, akuti amaphunzitsa kuganiza zabwino. Koma ngongole si maganizo, Aphungu. Kodi kumeneko si kudzinamiza?
Bambo wosagona

Bambo, mwalasa. Ngongole si maganizo, ndipo phungu amene angakuuzeni kuti muzingoganiza zabwino mumusiye, ameneyo sakuchita CBT. Mawu amenewa amanditopetsa, chifukwa athamangitsa anthu anzeru ambiri amene chithandizochi chikanawapindulira.

Aaron Beck, dokotala wa ku University of Pennsylvania amene anayambitsa njirayi m'zaka za m'ma 1960, anaona kuti odwala ake anali ndi timaganizo tothamanga, tongodutsa m'mutu mwiniwake osatizindikira, koma n'kumusiyira chisoni kapena mantha. Albert Ellis ku New York anali atayamba kale zofanana nazo mu 1955. Beck sanauze anthu kuti atifufute n'kuikapo tokoma. Anawaphunzitsa kutigwira, kutilemba, n'kutifunsa umboni. Ganizo likapezeka loona, limakhala loona basi, ndipo timayamba kuona chochita nalo.

Tiyeni tiyese ndi kalata yanu. "Kontirakiti ikutha chaka chino." N'zoona. "Ndili ndi ngongole ziwiri." N'zoonanso. Koma ndikukayika kuti ziwirizi ndi zimene zimakugonetsani maso. Pakati pa usiku m'mutu mumamveka zina, zonga izi: "Pa msinkhu wangawu sindidzapezanso ntchito. Ana asiya sukulu. Mayi akunyumba adzandiona wachabechabe. Ndalephera ngati bambo." Zitatu zoyambazo ndi ulosi, chomalizacho ndi chigamulo, ndipo zonse zalowa mozemba pambuyo pa mfundo ziwiri zoona zija. Tengani kope masana, mulembe chimodzichimodzi, n'kuchifunsa. Ntchito imene muli nayoyi munaipeza bwanji? Mwa anthu a msinkhu wanu amene mukuwadziwa, palibe amene inamuthera n'kupeza ina? Mayi akunyumba munakhala nawo pansi n'kuwauza, kapena mukuwayankhulira nokha mumtima? Pamapeto pake mwina mulemba chonchi: "Nthawi yovuta ikubwera. Mwina ndikhala miyezi ingapo osagwira ntchito. Ndidakali ndi nthawi yokonzekera, ndipo sindinauzebe munthu amene ndikanayamba kumuuza." Mawu amenewa si okoma. Koma munthu angathe kudzuka nawo m'mawa n'kuchitapo kanthu, pamene "ndalephera" amangomukhazika pansi.

Nkhawa zanu muzigawe pawiri. Zina zili ndi chochita sabata ino. Zina ndi za "bwanji ngati", zopanda pogwira: bwanji ngati ndidwala, bwanji ngati kampani igwa, bwanji ngati mwana alephera mayeso.

Za gulu loyambalo sitizitsutsa, timazigwirira ntchito. Lembani vuto limodzi lokha, momveka bwino. Lembani njira zonse zimene zikubwera m'mutu, ngakhale zooneka zopusa, musanayambe kuziweruza. Sankhani imodzi, muiikire tsiku ndi ola. Ndikhoza kulosera kuti pali foni ya okongoza imene mwakhala mukuiyang'ana ikulira osaiyankha, kapena uthenga umene simunautsegule. Kumenekonso n'kuthawa, ndipo kumachita zomwe zija zachitikira mayi a kalata yoyamba. Kukaonana ndi amene munakongolako musanaphonye kubweza, n'kuwapempha kusintha kabwezedwe, kumachititsa manyazi kwa ola limodzi. Kuwazemba kumadya tulo ta miyezi. Njira yothetsa mavuto mwadongosoloyi ndi imene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaiika pakati pa pulogalamu yake ya Problem Management Plus mu 2016, yokumana kasanu kokha ndi mthandizi amene si dokotala. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi njira yomweyi pa ntchito ya Friendship Bench, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu amathandizikadi.

Za "bwanji ngati" n'zina. Mwayesa kale kuzithamangitsa, sichoncho? Mu 1987 Daniel Wegner anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera. Analephera, ndipo atawamasula anachiganiza koposa anzawo amene sanaletsedwe. Choncho m'malo mozithamangitsa timazipatsa nthawi yake. Sankhani mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, madzulo kusanade kwambiri, pampando osati pabedi. Nkhawa ikabwera nthawi ina, ilembeni m'mawu awiri atatu n'kuiuza kuti idikire. Nthawiyo ikakwana khalani pansi mude nkhawa ndi mtima wonse, cholembera chili m'manja. Ambiri amaseka ndikawauza zimenezi. Akabweranso amandiuza kuti zina zimene analemba m'mawa zinali zitazizira pofika madzulo.

Kunena za tulo: mukaona kuti mwakhala maso pafupifupi mphindi 20, dzukani, mukakhale kwina kowala pang'ono mpaka tulo titabwera. Wotchi ndi foni musaziyang'ane. M'mawa muzidzuka ola lomwelo, kaya mwagona bwino kaya ayi. Mowa umagonetsadi msanga, koma umadula tulo m'chigawo chachiwiri cha usiku, ndipo ukamachoka m'thupi umasiya nkhawa yoposa ija munaithawa. Mwangoyamba kumene, ndiye ino ndi nthawi yosavuta kuusiya.

Ndiwonjezere ziwiri, za inu ndi ena amene akuwerenga. Pali nkhawa ina imene ikunena zoona zokhazokha. Mayi amene akumenyedwa kunyumba akamanjenjemera pomva chitseko, ganizo lake silikufunika kukonzedwa, akufunika chitetezo. CBT si yophunzitsa munthu kupirira nkhanza. Chachiwiri, bambo, ndikufunsani mosapita m'mbali chifukwa ngongole, kusagona ndi mowa zikakumana ndimafunsa aliyense: kodi maganizo ofuna kudzipha anakufikiranipo? Ngati inde, musadikire phungu wa CBT kapena magazini ya mwezi wamawa. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, mupite naye kuchipatala.

Aphungu,
Ndine mnyamata wa zaka 26. Andikweza pantchito, ndipo tsopano Lolemba lililonse ndiyenera kupereka lipoti pamsonkhano. Kuyambira Loweruka m'mimba mumandipotokola. Ndimaloweza chiganizo chilichonse, ndikaima mawu amanjenjemera, maso amangokhala papepala. Ndikamaliza ndimatha tsiku lonse ndikukumbukira pamene ndinachita chibwibwi. Ndikuganiza zopempha kuti andibwezere pa udindo wakale.
Wamanyazi

Achimwene, udindowo musaubweze, makamaka musanayese izi.

Clark yemwe uja ndi mnzake Adrian Wells analongosola mu 1995 chimene chimachitika munthu wamantha oterewa akaima pagulu. Maso ndi makutu ake amatembenukira mkati. Amamvetsera mawu ake, amayang'anira manja ake, kenako amajambula m'mutu chithunzi cha mmene akuonekera potengera mmene akumvera. Akumva kunjenjemera kwambiri, ndiye amaganiza kuti aliyense akukuona. Koma anthu aja sanawayang'ane n'komwe. Umboni wake wonse wautenga m'thupi mwake.

Pemphani mnzanu akujambuleni pafoni mukuyeserera lipoti lanu pamaso pa anthu awiri atatu. Musanaonere, lembani mwatsatanetsatane zimene mukuyembekezera kuona: manja anjenjemera motani, mawu aduka kangati, nkhope ioneka bwanji. Kenako onerani ngati mukuonera mlendo. Kawirikawiri munthu wa pafoniyo amaoneka wodekha kuposa wa m'mutu mwanu.

Kuloweza kuja ndi kumene kukukusokonezani. Mukaiwala liwu limodzi chiganizo chonse chimagwa, komanso munthu amene akuwerenga za m'mutu amamveka wouma. Lolemba likubwerali lembani mitu itatu kapena inayi yokha, ndipo mudzipatse ntchito yakunja: muone kuti ndani akulemba, ndani akugwedeza mutu, ndani ali pafoni yake. Mudzapeza kuti ambiri akuganiza za lipoti lawo lomwe. Sabata inayo muime dala kwa masekondi atatu pakati pa nkhani, muone ngati wina atsegule pakamwa. Msonkhano ukatha, mulembe chinthu chimodzi choti mukonze, n'kutseka kope. Kubwerezabwereza kwa tsiku lonse kuja sikukuphunzitsani chilichonse, kumangosankha zolakwika n'kuzisungira Loweruka.

Aphungu,
Mkazi wanga tisanagone amayendera zitseko, chitofu ndi ayironi mobwerezabwereza, nthawi zina mpaka ola lathunthu. Akafika pabedi amandifunsa, "Ndatseka eti?" Ndikayankha, pakapita kanthawi amafunsanso. Ndikakwiya amalira. Mwiniwake amavomereza kuti n'zopanda pake koma akuti sangathe kusiya. Ndimuthandize bwanji?
Mwamuna wothedwa nzeru

Bambo, zimene mwalembazi zikufanana ndi vuto lotchedwa OCD, la maganizo osafunika amene amakakamiza munthu kubwerezabwereza zinthu, ngakhale kuti wotsimikiza ayenera kukhala amene waonana ndi mayiwo maso ndi maso. Ganizo losafunika limalowa, monga lakuti nyumba ipsa ndipo mlandu ukhala wawo. Mantha amakwera. Akakayendera chitofu mantha amatsika, koma kwa kanthawi kochepa, ndipo akamayendera kwambiri m'pamenenso amayamba kukayikira ngati anaonadi bwino. Sakuchitira dala, ndipo nzeru zawo zili bwinobwino.

Chithandizo chake chili m'gulu la CBT, ndipo chinayamba ndi Victor Meyer ku London mu 1966. Munthu amakumana ndi chimene akuchiopa koma osachita mwambo wake uja. Amatseka chitseko kamodzi, n'kupita kukagona, mantha ali pakhosi, osabwerera. Usiku woyamba umakhala wautali. Koma mantha amatsika okha, ndipo akabwereza masiku ambiri ubongo umaphunzira kuti kukayikira kumapiririka ndiponso kuti nyumba ija sinapse. Zimayambira pa chopepuka, ndipo amene amasankha poyambira ndi mwiniwake, osati inu. Mankhwala ena a nkhawa amathandizanso pa vutoli, dokotala angakuuzeni.

Mbali yanu ndi yovuta kuimva. "Inde, watseka" wanu uja, amene mumamunena chifukwa cha chikondi, wasanduka gawo la mwambowo. Akugwira ntchito yomwe ija ya kukagwedeza loko. Koma musangosiya kuyankha mwadzidzidzi usiku wa lero, ndipo kukalipa sikunachiritsepo munthu. Mukambirane masana, mitima ili pansi. Mugwirizane mawu amene muzinena funsolo likabwera kachiwiri, monga akuti, "Funso limeneli tinagwirizana kuti sindiliyankha. Ndikudziwa kuti zikukuvuta, ndili pompano." Kenako mukhaledi pompo, mwagwira dzanja, mpaka zitadutsa. Ngati angalole, mupite nawo kwa phungu ngakhale kamodzi, kuti inunso mumve dongosolo lake.

Aphungu,
Ndine mtsikana wa zaka 29. Ndakhala ndikumwa diazepam kwa miyezi 8 chifukwa cha nkhawa, ndipo tsopano piritsi limodzi silikundigwiranso. Kumene ndimakhala kulibe phungu wa CBT. Ndinayesa wina wa pa intaneti, tinkangokamba za ubwana wanga, sindinaone kusintha. Kodi ndingosiya mapiritsiwa? Nanga CBT imathandiza aliyense?
Wofuna kumasuka

Achemwali, choyamba ndi chofulumira: musasiye diazepam mwadzidzidzi. Pakatha miyezi yotere thupi limakhala litazolowera, ndipo kusiya kamodzin'kamodzi kungabweretse kunjenjemera, kusagona, nkhawa yoopsa, ngakhale kukomoka ngati wa khunyu. Amachepetsa pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi, dokotala akuyang'anira. Mankhwala a mtundu umenewu amayenera kumwedwa kwa nthawi yochepa, masabata 2 mpaka 4, pa chifukwa chomwe mwachiona kalechi: mlingo womwe uja umasiya kugwira. Alipo ena, monga sertraline ndi fluoxetine, amene madokotala amapereka kwa nthawi yaitali. Amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza, ndipo masiku oyamba nkhawa imatha kukwera kaye, choncho munthu asathamangire kunena kuti amukana. Ine sindiona mkangano pakati pa mankhwala ndi CBT. Ena amachira ndi chimodzi, ena amafuna zonse ziwiri. Chimene CBT ili nacho n'chakuti luso limene mwaphunzira limatsala nanu mukamaliza.

Kusowa phungu si kwa inu nokha. WHO inawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, ndipo amene amalandira chithandizo ndi pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Chabwino chake n'chakuti CBT imayendanso pafoni kapena pa intaneti, ndiponso kudzera m'mabuku ochitira nokha, makamaka pakakhala munthu wophunzitsidwa, kaya namwino kaya mlangizi, wokufunsani sabata iliyonse kuti mwafika pati. Funsani kuchipatala chimene mumapitako ngati alipo wogwira ntchito za umoyo wa maganizo.

Kukamba za ubwana si kulakwa, ndipo kuli njira zina za uphungu zimene zimayambira kumeneko. Ngati munakumana ndi zoopsa kapena nkhanza zimene zimakubwereranibe m'maloto, iliponso CBT yokonzedwera zimenezo. Koma ngati mukufuna kudziwa kuti amene mwamupezayo akuchitadi CBT, zizindikiro zake sizibisika. Mumagwirizana cholinga chooneka, monga kugona popanda piritsi kapena kubwerera kusukulu, osati kungoti "ndimve bwino". Nthawi iliyonse mukakumana mumayamba ndi kusankha zoti mukambirane. Mumachoka ndi ntchito yokachita, ndipo mukabweranso amayamba waifunsa. Amayezanso kusintha. Ambiri timagwiritsa ntchito mafunso asanu ndi awiri otchedwa GAD-7, omwe anatuluka mu 2006. Mapointi ake amayambira 0 mpaka 21, ndipo kuyambira 10 kupita m'mwamba ndiye kuti nkhawa yafika poyenera kuisamalira. Pa nkhawa yongoda chilichonse, NICE imati munthu akumane ndi phungu ka 12 mpaka ka 15. Mukafika pakati nambala isanasunthe, nenani. Phungu wabwino sakwiya nazo, amasintha njira kapena kukutumizani kwa wina.

Kodi imathandiza aliyense? Ayi. Ku England, kumene boma linayamba mu 2008 kuphunzitsa aphungu ambirimbiri a njirayi, muyeso umene anadziikira ndi wakuti theka la omaliza chithandizo achire. Ena mwa otsalawo amapezako bwino osachiriratu, ena saona kusintha. Pa zimene ine ndaona, kawirikawiri pamakhala chifukwa choti tingachipeze: ntchito yakunyumba sinkachitika, mowa kapena mapiritsi ankaphimba mantha amene munthu anayenera kukumana nawo, vuto lenileni linali lina, kapena phungu ndi munthuyo sanagwirizane basi. Chachiwiricho chikukukhudzani. Mukamwa diazepam musanakumane ndi chimene mukuchiopa, ubongo umathokoza piritsi, n'chifukwa chake kuchepetsa mankhwala ndi kuyamba CBT zimayenera kukonzedwa pamodzi.

Sabata ino tengani botolo la mapiritsiwo mupite nalo kwa dokotala. Mukamuuze nambala yeniyeni imene mukumwa pa tsiku, ngakhale itaposa imene analemba, ndiponso ngati mumawapeza kwina, chifukwa kachepetsedwe kake amawerengera pa nambala imeneyo. Podikira tsikulo pitirizani mlingo umene thupi lazolowera, musawonjezere, ndipo musawaphatikize ndi mowa kapena mankhwala ena ogonetsa.